Batire lopepuka la galimoto yothamanga: muyang'ane chiyani musanalipire

Mukatsegula boneti ya Subaru Impreza WRX, pakona yakutsogolo mupeza batire la mtundu wa 55D23L, lolemera makilogalamu pafupifupi 15. Lakhala pamwamba, komanso chakumphuno kwa galimoto, malo amene munthu wokonda liwiro safuna kuti pakhale cholemera chilichonse, chifukwa katundu wa pamenepo ndi amene amavutitsa galimoto ikamakhota. N'chifukwa chake eni ake a galimoto zoterezi, kaya ndi WRX, Golf GTI kapena BMW yakale imene aikonzera mpikisano, amathamangira kusintha batire. Ntchito yake ndi ya sipanala imodzi ndipo makilogalamu 10 amachoka tsiku lomwelo.

Koma tiyambe taika zinthu pasikelo. Makilogalamu 10 pa galimoto yolemera makilogalamu 1,400 sakwana ngakhale 1 peresenti. Lita imodzi ya petulo imalemera magalamu pafupifupi 740, ndiye kuti mwachotsa kulemera kofanana ndi malita 13 kapena 14 a mafuta. Pabwalo la mpikisano monga Kyalami kapena Zwartkops ku South Africa, pamene anthu amalimbirana kachigawo ka sekondi, zimenezi zili ndi tanthauzo. Pamsewu wa tsiku ndi tsiku simungazimve kwenikweni. Choncho funso lenileni si lakuti batire lopepukitsitsa ndi liti, koma lakuti mukataya kulemerako mukutayira limodzi chiyani. Chimene chimatayika ndi nkhokwe ya magetsi, ndipo ambiri amadzazindikira zimenezi m'mawa wina galimoto itakana kulira.

Mabatire opepuka alipo a mitundu iwiri. Woyamba ndi wa AGM waung'ono. Awa ndi a mtovu ndi asidi ngati akale aja, kungoti asidiyo amamwerera mu tinsalu ta ulusi wa galasi, motero satayika ndipo mukhoza kuligoneka chammbali. Lodziwika kwambiri ndi Odyssey PC680: limalemera makilogalamu pafupifupi 7, nkhokwe yake ndi 16Ah (Ah ndi muyezo wa kuchuluka kwa magetsi amene batire limasunga). Ubwino wake ndi wakuti alternator (makina otchaja batire injini ikamalira) ya galimoto iliyonse imalidziwa, silifuna chaja yapadera, ndipo mtengo wake ndi wofikirika.

Mtundu wachiwiri ndi wa lithium, ndipo pano tikunena mtundu umodzi basi, wotchedwa LiFePO4 (lithium iron phosphate). Chifukwa chake ndi masamu a magetsi. Selo imodzi ya LiFePO4 imapereka 3.2V, maselo anayi amapereka 12.8V, ndipo amadzaza bwino pa 14.2V mpaka 14.6V, pafupi kwambiri ndi magetsi amene alternator imatulutsa kale. Lithium wa m'mafoni ndi m'malaputopu sagwirizana ndi galimoto: maselo atatu amadzaza pa 12.6V, ndiye alternator ingawapyoletse muyezo mpaka kugwira moto, pamene anayi amafuna 16.8V imene galimoto singafikeko. Wina akakuuzani kuti akulumikizirani maselo a laputopu kuti likhale batire la galimoto, kanani. Kampani ya Porsche itayamba kugulitsa batire la lithium la 911 GT3 ndi Boxster Spyder mu 2010, inasankha LiFePO4 ya 18Ah, yosakwana makilogalamu 6, m'malo mwa la mtovu la 60Ah. Ndipo wogula ankapatsidwa mabatire onse awiri, kuti la mtovulo azigwiritsa ntchito nyengo yozizira. Umenewu ndi umboni wokwanira kuti batire lopepuka lili ndi malire ake.

Manambala a pabokosi ndi amene amasocheretsa anthu ambiri. CCA ndi kuchuluka kwa maampu amene batire lingapereke kwa masekondi 30 kukuzizira madigiri 18 pansi pa ziro, magetsi osatsika kupyola 7.2V. Koma ogulitsa mabatire ang'onoang'ono amakonda kulemba nambala ina, PCA kapena PHCA, imene amayeza kwa masekondi asanu okha pamalo ofunda. PC680 yomweyo ili ndi CCA 170 koma PHCA 520. Manambala onsewo ndi oona, kungoti sungayerekeze PHCA ya batire ili ndi CCA ya batire lina. Injini ya petulo ya malita awiri imakoka maampu 150 mpaka 200 sitata ikamazungulira, ndipo kamphindi koyambirira imakoka oposa pamenepo. Ngati injini anaiwonjezera kompureshoni, kapena ndi ya masilinda asanu ndi limodzi kaya asanu ndi atatu, onjezerani ndithu.

Zoona zake n'zakuti kuliza injini si kumene mabatirewa amagonjera. Maampu 200 kwa masekondi atatu amangodya 0.17Ah, kadontho chabe. Amagonjera pamene galimoto yangoima. Ngakhale mutachotsa kiyi, kompyuta ya injini, alamu, wailesi ndi tracker zimamwabe magetsi pang'onopang'ono, nthawi zambiri 20mA mpaka 50mA (1,000mA ndi ampu imodzi). Titenge 40mA: pa tsiku ndi pafupifupi 1Ah. Batire la 60Ah likhoza kupirira masabata angapo n'kulizabe injini. La 16Ah limafika pansi penipeni m'masiku 16, ndipo limasiya kuliza injini masikuwo asanakwane. La 8Ah silitha sabata ndi theka.

Apa pali msampha wina. Pa mabatire ena a lithium pamalembedwa nambala ya Ah yotsagana ndi mawu akuti Pb Eq, kutanthauza kuti likufanana ndi la mtovu la kukula kumeneko. Nkhokwe yake yeniyeni kawirikawiri imakhala gawo limodzi mwa magawo atatu a nambalayo. Mukaona 24Ah Pb Eq, werengerani 8Ah. Ngati pabokosi palembedwa Wh, muyezo wina wa nkhokwe ya batire, gawani nambalayo ndi 12.8 ndipo mupeza Ah yeniyeni. Wogulitsa akalephera kukusonyezani nambala imeneyi, ndalama yanu ibwerere m'thumba.

Choncho musanagule, yezani galimoto yanu. Zimitsani zonse, tsekani zitseko, chotsani waya wa negativi pabatire, ndipo lumikizani multimeter pakati pa wayayo ndi mutu wa batire, mutaiika pa 10A. Dikirani mphindi 20 mpaka 30 kuti makompyuta a m'galimoto agone, kenako werengani. Musayerekeze kuliza injini mita ili pamenepo, fyuzi yake ipsa nthawi yomweyo. Mukapeza zoposa 50mA, pali chimene chikuba magetsi, ndipo kawirikawiri amakhala alamu, tracker kapena ampulifaya imene analumikiza molakwika. Zulani mafyuzi imodzi imodzi mpaka nambala itatsika. Konzani vutolo kaye, chifukwa batire laling'ono silibisa matenda amene lalikulu linkabisa.

Muyezo wachiwiri ndi wa alternator. Injini ikulira, mita ikhale pamitu ya batire. Muyenera kuona pakati pa 13.8V ndi 14.4V, ndipo nambalayo isasinthe kwambiri mukaponda moto kufika 3,000 rpm kapena mukayatsa nyali ndi fani. Ikamakwera kupitirira 14.6V, lithium musaikemo mpaka regulator, kachipangizo kolamulira magetsi a alternator, itakonzedwa. Ikamakhala pansi pa 13.6V, batirelo lizingokhala losadzaza. Koma galimoto zambiri zatsopano zili ndi alternator yolamulidwa ndi kompyuta, imene imatsitsa magetsi mukamaponda moto n'kuwakweza mpaka cha m'ma 15V mukasiya. BMW ndi galimoto zina za ku Germany zili ndi sensa pamutu wa negativi, ndipo zimafuna kuti batire latsopano lilembetsedwe mu kompyuta. Pa galimoto zoterezi gulani batire limene opanga ake alemba poyera kuti limagwirizana nazo, ndipo sensayo isachotsedwe. Galimoto za start-stop, zimene injini yake imazima yokha zikaima, zisiyeni ndi batire la mtundu umene zinabwera nalo.

Mkati mwa batire labwino la lithium muli kabolodi kotchedwa BMS. Ntchito yake ndi kulinganiza maselo anayi aja kuti asapambanane, kudula magetsi akatsika kwambiri, ndi kudula akakwera kwambiri kapena pakachitika shoti. Batire lopanda BMS likaphwa mpaka pansi pa 10V, maselo akhoza kuwonongeka, ndipo kulitchajanso kukhoza kukhala koopsa. Mabatire ena okhala ndi BMS ali ndi kabatani kosungira magetsi otsala oti mulizire injini kamodzi, chinthu chothandiza kwambiri kwa amene amasiya galimoto masiku ambiri.

Komabe BMS ili ndi ngozi yake imene ambiri saidziwa. Batire la galimoto silingosunga magetsi, limamezanso kulumpha kwa magetsi ochokera ku alternator. BMS ikadula injini ikuthamanga, zili ngati mwazula waya wa batire pamsewu: magetsi amalumpha kwambiri kwa kamphindi, ndipo zimene zimapsa ndi madayodi a alternator, kompyuta ya injini kapena dashibodi. Zimenezi zimachitika makamaka alternator ikamatchaja mopyola muyezo, kapena batire likakhala laling'ono kwambiri poyerekeza ndi alternator. Lithium amameza magetsi mwadyera. Alternator ya maampu 110 ikhoza kukankhira maampu 60 kapena kuposa mu batire lophwa pang'ono, pamene kabatire ka 8Ah mwina kanapangidwa kuti kazilandira 20 kapena 30 okha. Funsani nambala ya maampu amene batirelo limaloledwa kulandira potchaja, ndipo muiyerekeze ndi alternator yanu.

Nkhani ya nyengo ili pawiri. LiFePO4 sayenera kutchajidwa kuzizira kukafika pansi pa ziro, chifukwa lithium amamatirira pamapuleti ngati chitsulo ndipo selo imafooka mpaka kalekale. Kwa amene ali ku Britain, kapena ku Johannesburg m'mawa wa June ndi July, iyi ndi nkhani yeniyeni. Ku Malawi mdani wamkulu ndi kutentha. Mabatire ambiri a lithium malire awo ndi madigiri 60, ndipo pansi pa boneti ya galimoto ya turbo, itaima pamzere mu October ku Chikwawa kapena ku Salima, pamatentha kuposa pamenepo. Batire likhale kutali ndi turbo ndi ekizozi, pakhale chotchinga cha aluminiyamu chosiya mpata woti mpweya uzidutsa.

Ena amalisamutsira kubuti, ndipo n'zomveka chifukwa kulemera kumapita kumbuyo, kutali ndi kutentha. Koma wayayo ali ndi mtengo wake. Waya wamkuwa wa 35mm² wotalika mamita asanu amalemera makilogalamu pafupifupi awiri, ndipo sitata ikamakoka maampu 200 amadya theka la volti. Wa 16mm² amadya volti yathunthu ndi kanthu, zimene zimakwana kuti kompyuta ya injini izizima sitata ili mkati mozungulira: injini imangotembenuka osagwira, munthu n'kumada batire pamene wolakwa ndi waya. Pewaninso waya wotchipa wa aluminiyamu wokutidwa mkuwa amene amagulitsidwira mawailesi a m'galimoto. Mukamupala ndi mpeni mkati mumaoneka moyera. Fyuzi ya ANL kapena MEGA ya maampu 200 mpaka 250 ikhale pafupi ndi mutu wa pozitivi, osapitirira masentimita 30, ndipo paliponse pamene waya akuboola chitsulo pakhale labala. Negativi imangidwe pachitsulo chopalidwa penti mpaka kuwala.

Kumanga batire pamalo pake ndi ntchito imene imachitidwa mwaulesi kawirikawiri. Batire laling'ono silikwana pa chomangira chakale, ndiye ena amangolikulunga ndi mphira wa chubu kapena kulitsamiritsa ndi thabwa. Pamsewu wa maenje limadumpha, mutu wa pozitivi n'kukhudza chitsulo, ndipo lithium akachita shoti amatulutsa maampu mazanamazana mwakamodzi. Pangitsani chomangira chachitsulo kapena cha aluminiyamu cha muyezo wake, chomangidwa ndi mabawuti ku bodi ya galimoto, ndipo pozitivi ivale chipewa chake chalabala. Mabatire ambiri ang'onoang'ono ali ndi mabowo a bawuti ya M6 m'malo mwa mitu yozungulira, choncho gulirani limodzi mitu yomangirira, ndipo onetsetsani kukula kwake, poti galimoto zina za ku Japan zimagwiritsa ntchito mitu yopyapyala. Chilembo L kapena R cha kumapeto kwa nambala ngati 55D23L chimanena mbali imene kuli negativi. Pochotsa yambani ndi negativi, pobwezera malizirani ndi negativi.

Nanga musankhe liti? Galimoto ya mpikisano wokhawokha, yokhala ndi switchi yodulira magetsi onse, imakwanira ndi lithium wa 8Ah mpaka 12Ah yeniyeni. Switchiyo ikhale ya mtundu umene umazimitsanso injini ndi kuteteza alternator, osati yongodula waya mmodzi. Galimoto yotuluka Loweruka ndi Lamlungu ikufunika 16Ah mpaka 20Ah, kaya AGM kaya lithium, ndipo masiku ena onse izikhala pachaja kapena negativi itachotsedwa. Ya tsiku ndi tsiku, yokhala ndi alamu, tracker ndi zoimbira, isatsike pansi pa 30Ah kapena 40Ah ya lithium. Limeneli limalemera makilogalamu 6 kapena 7, ndiye mwapulumutsabe 8. Ngati mtengo wake ukukuwawani, kuli bwino kukhala ndi batire la mtovu labwino kusiyana ndi kugula kabatire kakang'ono kopanda dzina.

Chaja ya lithium ikhale yolembedwa LiFePO4. Machaja ambiri a mabatire a mtovu ali ndi njira yotsitsimutsira batire lakale imene imakweza magetsi kufika 15.8V kapena kuposa, ndipo imeneyi imawononga maselo. Dziwaninso kuti mita imakunamizani mukaiwerenga ngati ya batire la mtovu. La mtovu likamasonyeza 12.7V ndi lodzaza, koma la LiFePO4 lodzaza limapuma pa 13.3V mpaka 13.4V, likafika 13.0V latsala ndi gawo limodzi mwa atatu kapena kucheperapo, ndipo pa 12.7V lili pafupi kutha. Silichenjezanso pofooka pang'onopang'ono ngati lakale lija: dzulo sitata inazungulira mwamphamvu, lero kuli zii. Kamita kakang'ono kolowetsa pa soketi ya 12V ya m'galimoto kamathetsa vutoli. Mukaona 13.0V injini isanalire, lowetsani batire pachaja usiku womwewo.