Wopalasa njinga akayamba kubwebweta, musamugoneke pansi pa mtengo n'kumadikira

Chaka chilichonse Okutobala akamayandikira ndimadziwiratu mawu amene ndiwamve m'chipinda chopimira odwala: "Adokotala, ife timayesa wangotopa." Onena mawuwa amakhala anyamata ovala malaya othina a opalasa njinga, zisoti zili m'manja, mnzawo ali gone pabedi osadziwa n'komwe kuti lero ndi lachingati. Ndatopa nawo mawu amenewa. Munthu wotopa amadziwa dzina lake, amadziwa kumene wachokera, ukamupatsa nthochi amasenda yekha. Koma amene wayamba kuyankha zosemphana ndi funso, kukalipa popanda chifukwa, kupalasa mokhotakhota ngati walawa, dzuwa lili paliwombo, ameneyo wapsa mkati. Thupi lake lafika kapena ladutsa madigiri 40, ndipo ubongo wayamba kale kuvulala.

Za matayala, mabuleki ndi chisoti sindinenapo, mukuzidziwa. Chimene ambiri simuchidziwa n'chakuti minofu ya m'miyendo ili ngati mbaula. Pa mphamvu zonse zimene mumawotcha popalasa, gawo limodzi lokha mwa magawo anayi kapena asanu ndi limene limayendetsa njinga. Zotsalazo zimasanduka kutentha, ndipo thupi liyenera kukutaya kudzera m'thukuta. Pamsewu wosalala kapena potsetsereka mphepo imakuthandizani, thukuta limauma, mumamva bwino. Pamtunda zinthu zimatembenuka. Liwiro limatsika kufika loti mwana wothamanga atha kukupezani, mphepo ija imasowa, pamene miyendo ikugwira ntchito yoposa nthawi ina iliyonse.

N'chifukwa chake ulendo wa Blantyre kupita ku Chikwawa n'kubwerera umandidetsa nkhawa kuposa ina yonse. Mumanyamuka m'mamawa kuli kayeziyezi, pamalo okwera pafupifupi mamita 1,000. Mumatsika phiri lonse lija osapalasa kwenikweni, n'kukafika kuchigwa cha Shire kumene miyezi imeneyi kutentha kumafika madigiri 40. Mumajambulitsa pa mlatho, mumamwa kenakake kozizira, nkhani n'kukoma. Pobwerera, chitunda chonse cha pa Thabwa chikukudikirani cha m'ma 11 koloko, phula litayamba kufewa. Ntchito yolemetsa kwambiri ya tsikulo mwaiika pa ola loipitsitsa la tsikulo.

Pali mnyamata wina amene mpaka lero sachoka m'maganizo mwanga. Anali wa zaka za m'ma 20, wamphamvu, wogwira ntchito ya mu ofesi, ndipo amakonzekera mpikisano. Sabata imeneyo anali ndi chimfine, bondo likumuvutanso, ndiye m'mawa asananyamuke anamwa mapiritsi awiri a Brufen, ena awiri n'kuika m'thumba la kumsana. Anzake amati pakati pa chitunda anayamba kutsalira. Atamudikira anawalalatira, munthu amene sanamumvepo akutukwana. Kenako anatsika panjinga, n'kuyamba kuikankha molowera kumene amachokera. Anamukhazika pansi pa mtengo wa mango, wina anathamangira pa golosale kukagula chakumwa chija amati chopatsa mphamvu, n'kumamukakamiza kumwa. Anasanza. Anadikira "kuti apume kaye" kwa nthawi yoposa ola lathunthu, atavala malaya ake onse, chisoti chili kumutu.

Chimandipweteka n'chakuti mjigo unali pafupi. Mnzake mmodzi anandiuza yekha kuti amayi ena amatunga madzi chapatsidya pa msewu, ndowa zili mbwee. Mankhwala a matenda amenewa anali pomwepo, aulere, koma palibe anaganiza zowapempha. Ndinamufunsa chifukwa chake. Anati, "Amatuluka thukuta, ndiye timati thupi likudziziziritsa lokha." Limeneli ndi bodza limene lafala kwambiri, loti munthu wopsa ndi dzuwa khungu lake limakhala louma. Kwa okalamba amene akomokera m'nyumba yotentha zimatero nthawi zina. Wopalasa njinga amatha kugwa thukuta lili kamukamu. Yang'anani nzeru zake, khungu likunamizani.

Choyenera kuchita n'chophweka, ndipo chimayamba galimoto isanafike. Muvuleni chisoti, malaya ndi nsapato. Mugonekeni pamthunzi chammbali, kuti akasanza asatsamwe. Mukhuthulireni madzi thupi lonse, ndowa pambuyo pa ndowa, wina akumukupiza ndi katoni kapena chitenje. Ngati pali mtsinje wosazama kapena bafa, mulowetseni mpaka m'khosi wina atamugwira mutu. Ngati pa golosale pali madzi oundana, gulani onse, akulungeni m'zitenje zonyowa, muziika m'khosi, m'khwapa ndi m'mphechepeche n'kumasintha pafupipafupi. Ife timafuna kutentha kutsike kufika pa madigiri 39 pasanathe mphindi 30. Amene waziziritsidwa mkati mwa nthawi imeneyi kawirikawiri amachira bwinobwino. Amene wakhala akupsa ola lathunthu, chiwindi, impso ndi ubongo zimakhala zayamba kuwonongeka. Tumizani wina aimitse galimoto pamene inu mukuthira madzi, ndipo m'galimotomo pitirizani, mawindo ali otsekula. Munthu amene sakudziwa chimene chikuchitika musamuthire chilichonse m'kamwa. Panado musavutike naye, kutentha kumeneku si kwa malungo ndipo iye sakutsitsa, amangowonjezera katundu pachiwindi chimene chili kale pamavuto.

Mnyamata uja anatsitsimuka pang'ono chakumadzulo, anzake n'kumukweza lole mpaka kunyumba. Kuchedwa kwachiwiri kunayambira pamenepo. M'mawa mwake thupi lonse linali kuphwanya, mutu ukuwawa, miyendo yosagwirika. Achibale anati ndi malungo. Anapita naye pa kasitolo kena ka mankhwala, ndipo bambo wovala gauni yoyera, amene sindikhulupirira kuti anapondako m'kalasi ya zachipatala, anamupatsa LA osamuyeza magazi, n'kumubaya jakisoni wa diclofenac. Madzulo ake azakhali ake anabwera ndi munthu wotema mphini, ati miyendo anaponda zoipa panjira. Anafika kwa ife tsiku lachitatu. Mkodzo umene anatipatsa m'kabotolo unali wochepa, wakuda ngati tiyi wopanda mkaka amene wakhalitsa pamoto.

Mkodzo wotere pambuyo pa ulendo wautali umatanthauza kuti minofu yaphwanyika, ndipo zam'kati mwake zatayikira m'magazi n'kukatseka timachubu ta mu impso. Malungo aakulu nawonso amatha kudetsa mkodzo, n'chifukwa chake timayeza, sitilota. Munthu wotere akabwera tsiku loyamba timamuika madiripi ambiri, impso n'kutsukika. Akabwera mkodzo utasiya kutuluka, chotsala ndi makina otsuka magazi, ndipo m'dziko muno makinawa ali m'zipatala zazikulu zochepa chabe, odikira ali ambiri.

Tsono za mapiritsi. Brufen, Indocid, diclofenac, onsewa ndi banja limodzi. Thupi likataya madzi, impso zili ndi njira yake yotsekulira mitsempha kuti magazi azifikabe, ndipo mankhwala amenewa amatseka njira yomweyo. Kumwa Brufen n'kupalasa maola asanu padzuwa ndiye kumana impso magazi pa nthawi imene zikuwafuna kwambiri. Ndamva kuti m'magulu ena a opalasa mumagawana mapiritsiwa ngati maswiti musananyamuke. Lekani. Bondo likamawawa moti simungapalase osamwa mankhwala, tsiku limenelo si lopalasa. Chimodzimodzi ngati sabata imeneyo munali ndi malungo, chimfine chotentha thupi kapena kutsekula m'mimba, kapena dzulo lake munachezera mowa. Ndipo musaganize kuti mphamvu zikutetezani. Tom Simpson wa ku Britain anali katswiri wa mpikisano wa njinga pa dziko lonse lapansi mu 1965. Pa 13 Julayi 1967 anagwa ndi kumwalira pa phiri la Mont Ventoux mu mpikisano wa Tour de France, tsiku lotentha kwambiri, ali ndi zaka 29, m'thupi mwake muli mankhwala ogalamutsa ndi mowa. Mankhwalawo anamubisira chenjezo limene thupi limapereka.

Ena mumandiuza kuti, "Nanga a kabaza ndi a makala aja bwanji sagwa?" Amagwa, timawalandira. Koma ambiri a iwo thupi linazolowera chifukwa ali padzuwa tsiku ndi tsiku, pamtunda amatsika n'kukankha, ndipo wamakala amanyamuka usiku kuti dzuwa limupeze atafika. Thupi limafuna masiku 10 mpaka 14 a kupalasa pang'onopang'ono m'kutentha kuti lizolowere. Inu mwakhala pa kompyuta Lolemba mpaka Lachisanu m'chipinda chozizira, Loweruka mukufuna makilomita 100 kuti Strava, pulogalamu ya pa foni yoonetsera anzanu mtunda umene mwapalasa, ioneke bwino.

Kumwa madzi sindikuyenera kukukumbutsani, koma pali ena amene amapitirira muyeso. Padzuwa munthu amataya lita imodzi kapena kuposerapo pa ola, ndipo thukuta limatuluka ndi mchere. Mukamangothira madzi okhaokha malita ambirimbiri osadya kanthu, mchere wa m'magazi umasungunuka, mutu umawawa, mumasanza, mumasokonezeka, ena mpaka kugwa ngati akhunyu. Imwani molingana ndi ludzu, botolo limodzi likhale la Thanzi wosungunula mu lita imodzi monga mwa malangizo ake, ndipo muzidya ola lililonse: nthochi ziwiri, mbatata yophika, mtedza wothira mchere. Amene wangofooka ndi njala amanjenjemera, miyendo imakana, koma akadya amabwerera m'chimake pasanathe mphindi 15. Ngati wadya ndipo akubwebwetabe, yambani kumuthira madzi ndipo funani galimoto. Mulimonse mmene zilili, wosokonezeka mutu malo ake ndi kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale atatsitsimuka n'kumaumirira kuti ali bwino.

Mnyamata uja anakhala pa makina otsuka magazi kwa masabata angapo. Moyo unapulumuka, koma impso zake sizinabwerere mwakale, ndipo amabwera kudzayezetsa miyezi itatu iliyonse. Ulendo wapitawu anabwera ndi mnzake yemwe uja anathamangira pa golosale. Pamene ndimalemba m'buku la kuchipatala, mnzakeyo anandifunsa motsitsa mawu ngati ndowa zitatu kapena zinayi zikanakwanira tsiku lija. Ndinamuuza kuti akanayamba ndi zimenezo, n'kupempha amayi aja kuti asaleke kupopa.