Makina oyengera mafuta amafuna mbewu ya chaka chonse

Ku Mchinji, Kasungu ndi Dowa alimi amakolola mtedza, soya ndi mpendadzuwa wambiri, koma mbewu zambiri zimakwera lole zosayengedwa, mafuta n'kubwerera m'mabotolo kuchokera m'tauni. N'chifukwa chake makopaletivi ambiri amalakalaka makina awoawo oyengera mafuta. Maganizowa ndi abwino ndithu. Chomvetsa chisoni n'chakuti makina ambiri otere amagwira ntchito miyezi ingapo pambuyo pa kukolola, kenaka n'kungokhala akuchita dzimbiri.

Vuto lalikulu ndi mbewu. Titenge makina oyenga makilogalamu 100 a mpendadzuwa pa ola. Akagwira maola 8, adya makilogalamu 800 pa tsiku. Masiku 200 pa chaka ndiye matani 160. Ngati mlimi akukolola tani imodzi pa hekitala, pakufunika mahekitala 160. Mbewu yonseyi iyenera kugulidwa nthawi yokolola, mtengo uli wotsika, pamene mavenda ali kale pamsika ndi sikelo komanso ndalama m'manja. Membala wa kopaletivi amene mwana wake akufuna fizi sangadikire mpaka mafuta agulitsidwe. Choncho mpamba wogulira mbewu ndi nyumba yosungiramo ziyenera kukhalapo makina asanagulidwe, osati pambuyo pake.

Mafakitale aakulu anazindikira izi kalekale. Illovo ili ku Nchalo ndi ku Dwangwa chifukwa nzimbe ikadulidwa iyenera kuphwanyidwa msanga shuga wake asanatsike, ndipo ku Chikwawa alimi a ku Kasinthula ndi Phata amalima nzimbe akudziwiratu kumene ikupita. Gulu laling'ono lingachitenso zomwezo: kugwirizana ndi mamembala mvula isanagwe za kuchuluka kwa mbewu ndi kalipiridwe kake.

Mbewu ikafika, iumitsidwe mpaka chinyezi chitsike kufika pafupifupi 8 peresenti. Yonyowa imatuluka ngati phala, mafuta n'kutsalira m'keke, zotsalira za mbewu ikafinyidwa. Youma mopitirira imatseka makina. Ipetedwe ndi kusefedwa, chifukwa kamwala kamodzi kapena msomali umawononga chitsulo chozungulira cha m'makinamo chofinya mbewu, ndipo china sichipezeka pa boma. Makina ali bwino, makilogalamu 100 a mpendadzuwa amatulutsa malita pafupifupi 25 mpaka 30. Akayamba kuchepa, yang'anani chitsulocho ngati chaperepeseka. Pa mtedza, wachuku uchotsedwe ndi manja, pakuti poizoni wake amatsalira kwambiri m'keke.

Kekeyo asatayidwe. Oweta nkhuku, nkhumba ndi ng'ombe zamkaka amamufuna, ndipo kawirikawiri phindu la fakitale limachokera pamenepo.

Pa magetsi, makina ambiri otere amafuna a three-phase (magetsi amphamvu obwera pa mawaya atatu amoto), pamene mawaya ofika m'nyumba zambiri ndi a single-phase (waya umodzi wamoto). Funsani a ESCOM za thiransifoma musanamange nyumba ya fakitale, chifukwa kuyendetsa makina ndi jenereta ya dizilo kumadya phindu lonse.

Kuti mafuta alowe m'masitolo ndi m'sukulu zogonera, amafunika chiphaso cha Malawi Bureau of Standards, ndipo malamulo amafuna kuti mafuta ophikira akhale ndi vitamini A wowonjezera. Aitaneni a bungweli pulani ya nyumba ikadali papepala, aone pansi pa simenti, madzi ndi chipinda chothirira mafuta m'mabotolo. Kugumula khoma lomangidwa kale kumadula kuposa kulimanga bwino poyamba.