Erstwhile: mawu amene ambiri amawayesa aulemu

Amene mumawerenga nyuzipepala za Chingerezi mwina munakumanapo ndi mawu akuti erstwhile, makamaka pa nkhani za ndale. Mtolankhani akalemba kuti "his erstwhile ally", akunena munthu amene kale anali bwenzi lake pa ndale koma pano anapatukana. Tanthauzo lake ndi lomwelo basi: wakale, amene anali koma salinso.

Pa ntchito yanga yophunzitsa Chingerezi ndimaona ambiri akuwasokoneza ndi esteemed, kutanthauza wolemekezeka. Wophunzira amaimirira pamsonkhano wa makolo, pepala likunjenjemera m'manja, n'kuthokoza "our erstwhile headmaster", pomwe aphunzitsi aakuluwo ali pampando kutsogoloko ndipo mawa lomwe abwera kuntchito. Zimandimvetsa chisoni, chifukwa mwanayo amafuna kulemekeza, koma mawu ake akunena kuti bambowo anachoka kale pa udindo.

Mawuwa ndi awiri olumikizana, erst ndi while. M'Chingerezi chakale, chimene chinkalankhulidwa ku England Anormani, anthu ochokera kumpoto kwa France, asanalande dzikolo mu 1066, hwil ankatanthauza nthawi. Erst anachokera ku ærest, kutanthauza choyambirira pa zonse, ndipo muzu wake ndi ær, kutanthauza poyamba kapena kale. Muzu womwewu ndiwo unabala early amene mwana aliyense wa pulayimale amawadziwa, komanso ere amene mumawapeza m'ndakatulo zakale. Abale ake akadali amoyo m'zilankhulo zina. Ajeremani amati erst, ndipo amene munakhalapo ku South Africa munamvapo olankhula Afrikaans akuti eerste ponena choyamba.

Erstwhile anayamba kuoneka m'mabuku m'zaka za m'ma 1560, koma nthawi imeneyo ankangogwira ntchito ngati mmene ife timanenera kuti "kalekale" pofotokoza nthawi imene chinthu chinachitika. Kuwaika patsogolo pa dzina la munthu, monga amachitira atolankhani lero, kunafala cha m'ma 1900. Choncho kagwiritsidwe kamene kamamveka kachikale kwambiriko n'katsopano ndithu.

Aliponso ena a tanthauzo lomweli, quondam ochokera ku Chilatini ndi whilom, koma awa simudzawamva pakamwa pa munthu.

Kwa ophunzira anga ndimati mukafuna kunena wakale m'kalata kapena pamayeso, lembani former, aliyense akumvani. Erstwhile muwadziwe kuti mukawapeza m'nyuzipepala muzimva zimene akunena, ndipo musawanenere munthu amene akadali pa udindo wake.