Lawi likasowa pa flare, musaombe m'manja

Ndatopa nawo mawu akuti "tsegulani nthunzi, moto uzizire." Ndimawamva kwa anyamata ongoyamba ntchito, ndimawamvanso kwa akuluakulu amene akhalitsa pafakitale. Nthunzi si madzi othira pa chikuni.

Lawi limene mumaliona usiku pamwamba pa chumuni chachitali chotchedwa flare, pa mafakitale a mafuta ndi mankhwala ku Secunda kapena ku Sasolburg m'dziko la South Africa, limatentha gasi wotsala. Chimene chimawawula kwambiri khungu la munthu amene ali pansi ndi mwaye wowala m'kati mwa lawilo. Nthunzi ikapopedwa pakamwa pa chumuni imakoka mpweya n'kuusakaniza ndi gasi, monga mmene timakupizira mbaula. Mwaye umachepa, utsi wakuda umatha, kutentha kofika pansi kumatsikako. Kutsikako chabe.

Usiku wina anthu oyandikana ndi fakitale yathu atadandaula za kuwala, mnyamata amene ndinamuphunzitsa ndekha anatsegula valavu mpaka lawi linasowa. Kunangotsala kamtambo koyera ndi mkokomo. Iye anaona ngati wagwira ntchito yotamandika. Mbandakucha alonda a pageti ankatsokomola, fungo la gasi lili ponseponse. Nthunzi yochuluka inali itafooketsa moto, gasi n'kumatuluka wosapsa. Zimandiwawabe mpaka lero, chifukwa ndinamuonetsa potsegulira koma sindinamuuze polekezera.

Kafukufuku amene anachitika ku Tulsa m'dziko la America mu 2010 anaonetsa zomwezi: flare imatentha gasi bwino kwambiri pamene lawi likuoneka, litangotsala pang'ono kufuka. Mu 2015 bungwe la boma la America loona za chilengedwe la EPA linakhwimitsa malamulo a mafakitale oyenga mafuta pa nkhani yomweyi.

Ndiye kuli ena amene amabwera ndi zithunzi zokongola, amvekere mukagula zida zawo za nthunzi mutha kufupikitsa chumuni kapena kumanga shedi pafupi. Musawamvere. Magetsi akathima, gasi yense amathamangira ku flare nthawi imodzi, ndipo boyila yopanga nthunziyo imakhoza kuzimanso nthawi yomweyo. Lawi limakula koposa pamene nthunzi palibe.

Muyezo wa API 521, umene mafakitale a mafuta amatsatira pomanga flare, umalola kutentha kwa 1.58 kW pa sikweya mita pamalo oti munthu wovala zoyenera agwirepo ntchito nthawi yaitali. Dzuwa la masana palokha limafika pafupifupi 1 kW. Kutentha kukafika pa 6.31 kW, munthu ali ndi masekondi 30 okha. Kutalika kwa chumuni ndi mpanda wozungulira ziwerengedwe ngati kuti nthunzi kulibe. Ndipo mukamva paipi ya nthunzi ikugunda ngati nyundo, muli madzi m'menemo. Itanani okonza lero lomwe, musadikire Lolemba.