"Umenewu ndi ukalamba" si dzina la matenda

Pa mawu onse amene ndimamva kuchipatala, amene amandiwawa kwambiri ndi awa: "Agogo, umenewu ndi ukalamba, kapumuleni." Timawanena ife azachipatala, amawanenanso achibale, ndipo agogowo amangoti zikomo, n'kumanga panado pa nsonga ya chitenje, ulendo wa kumudzi. Sitinawayeze BP, sitinawayeze shuga. Akanakhala munthu wa zaka 30 sitikanamubweza chonchi.

Titenge maso. Okalamba ambiri amene amatsogoleredwa ndi mdzukulu ali ndi ng'ala, kutanthauza kuti kagalasi ka m'kati mwa diso kachita chifunga. Opaleshoni yake ndi yaifupi, imachitika ku Queen Elizabeth, ku Nkhoma ndi kwina, ndipo munthu amayambanso kuona. Mdzukulu uja naye amabwerera kusukulu.

Koma pamene tikulakwitsa kwambiri ndi pa za m'mutu. Agogo akasokonezeka mwadzidzidzi, dzulo anali bwino lero sakuzindikira ana awo, nthawi zambiri pali matenda ena m'thupi: malungo, chibayo, matenda a njira ya mkodzo, kutsika kwa shuga kapena kuchepa kwa madzi. Thupi la wokalamba silitentha nthawi zonse likadwala, choncho musadikire kutentha. Thamangirani nawo kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa zambiri mwa izi zimachizika.

Kuiwala kobwera pang'onopang'ono kwa miyezi ndi zaka ndi nkhani ina. Madokotala amati dementia. Ubongo umawonongeka, ndipo BP yosasamalidwa ndi chimodzi mwa zimene zimauwononga. Munthu wotere amadzuka usiku, amasochera, amapezeka pakhomo pa eni m'bandakucha, mwina atavula, akuitana anthu amene anamwalira kalekale. Mukudziwa dzina limene mudzi umamupatsa. Mu Januwale 2016 ku Neno okalamba anayi anaphedwa powaganizira ufiti mtsikana wina atafa ndi mphenzi. Lamulo la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, ndipo mu 2024 aphungu athu anavomereza lamulo loteteza okalamba, koma wapolisi sagona m'nyumba mwanu. Amene angauze anansi kuti "amayi akudwala matenda oiwala" ndi inu, ndipo muwauze lisanafike tsiku losochera.

Kwa anzanga a ntchito ndili ndi dandaulo limodzi. Timachita manyazi kuuza munthu wa imvi kuti ayezetse HIV, ngati kuti kachilomboka kamafunsa zaka. Ena amaonda miyezi yambiri ife tikuti ndi ukalamba.

Mukamapita ndi agogo kuchipatala, tengani kabuku kawo ndi mankhwala onse amene akumwa, achikuda omwe, chifukwa ena amalimbana m'thupi. Nenani tsiku limene vuto linayamba. Pemphani kuti awayeze BP ndi shuga. Ndipo dokotala akayamba kufunsa inu kuti "akumva bwanji", mulozereni kwa eni ake, ayankhe okha. Ngati makutu awo samva bwino, sendezani mpando pafupi, muwayang'ane kumaso, muyankhule mosathamanga.