Timitengo pakhonde sitipangitsa nyumba kukhala yosamala chilengedwe

Ndatopa nazo zomangomva kuti nyumba ikakhala ya magalasi, sola padenga ndi timitengo pakhonde basi ndiye kuti ikusamala chilengedwe, zaka ndi zaka nkhani yake yomweyi.

Kuwononga kwambiri kumayamba nyumbayo isanathe nkomwe. Kupanga simenti kumatulutsa pafupifupi 8 peresenti ya mpweya wa carbon dioxide (wowonjezera kutentha kwa dziko) womwe anthu amatulutsa padziko lonse, ndipo njerwa zowotcha zija uvuni umodzi umadya nkhuni zosati masewera. Magalasi nawo amasunga kutentha, masana a Okutobala mkatimo ndi ng'anjo, AC (makina oziziritsa m'nyumba) kumangolira tsiku lonse.

Mutha kufufuza nokha. Funsani bilu ya magetsi ya nyumba yotereyi, madzi othirira timitengoto akuchokera kuti, kenako zimitsani AC mukhalemo ola limodzi muone. Musamafowade zithunzi zokongola za nyumba zoterezi pa WhatsApp musanatsimikize chonde.