Chimene chimayendetsa mtima wa mpangankhani

Nkhani zambiri zimene olemba achinyamata a kuno ku Kasungu amandipatsa kuti ndiwerenge zimakhala ndi zochitika zokoka mtima, koma ampangankhani ake amalira, amaba kapena kukhululuka popanda wowerenga kuona chimene chikuwakankha. Apa ndi pamene maphunziro a kaganizidwe ka munthu angathandize mlembi, malinga ngati akuwagwiritsa ntchito mosamala.

M'chaka cha 1957, katswiri wa ku America Leon Festinger anafotokoza kuti munthu akasunga maganizo awiri otsutsana amasowa mtendere, ndipo kawirikawiri amapotoza limodzi mwa maganizowo kuti mtima ukhale pansi. Tiyerekeze tenanti wa pa esiteti ya fodya amene wakhetsa thukuta kuyambira kunazale, kuwokera, kuthyola, kusoka, mpaka kudinda mabelo opita kumsika wa Chinkhoma. Tsiku la malipiro, bwana atachotsera ngongole ya chimanga ndi feteleza, bamboyo atsala ndi ndalama yosakwana n'komwe ulendo wobwerera kwawo. Mlembi wofulumira amamukwiyitsa nthawi yomweyo. Koma munthu weniweni akhoza kuuza mkazi wake usiku womwewo kuti, "Mayi a mwana, abwana alibe mlandu, mitengo ndiyo yavuta chaka chino." Akunena zimenezi chifukwa kuvomera kuti amudyera masuku pamutu n'kuvomeranso kuti anasamutsa banja lake pachabe, ndipo mtima wake sungasenze zonse ziwiri. Mawu amenewa amandikhudza kuposa mkwiyo uliwonse, pakuti wowerenga amaona chilonda chimene mwini wake akuchiphimba.

Komabe ziphunzitsozi zinabadwira kwina, ndipo si zonse zimene zimakwana pamudzi pathu. Sigmund Freud, katswiri wa kaganizidwe ka munthu amene ankagwira ntchito ku Vienna, anaika mkangano waukulu wa mwana wamwamuna pakati pa iye ndi bambo ake omubala. Mu 1927 katswiri wa chikhalidwe cha anthu Bronisław Malinowski anatsutsa, nati zimenezi sizili choncho kulikonse, atakhala pakati pa anthu a ku zilumba za Trobriand, m'nyanja ya Pacific, amene amatsata mtundu wa mayi, kumene ulamuliro pa mwana uli m'manja mwa mlongo wa mayiyo. Mchewa sangadabwe nazo. Pa chikamwini bambo amakhala mlendo pamudzi wa mkazi wake, pamene atsibweni ndiwo eni mbumba, oweruza za munda ndi za ukwati. Choncho wosanthula nkhani yochitikira m'mudzi wa kwa Kaomba ayenera kufunsa kuti mnyamatayo amaopa ndani, amafuna kukondweretsa ndani, asanathamangire kunena kuti akulimbana ndi bambo ake.

Mlembi asaike dzina la chiphunzitso m'kamwa mwa mpangankhani, ndiponso asamusandutse wodwala woti timupime. Tenanti uja sanamvepo za Festinger. Chimene tifunika kuona ndi mmene akupindira kapepala ka malipiro n'kukabisa m'thumba la malaya mkazi wake asanakawerenge, kenako n'kufunsa ngati mbewu ya nazale ya chaka chamawa yafika kale.